Moto umene ndinkasunga m'chumuni

Ndinatsala pang'ono kupha mwana wa eni chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama ya nkhuni. Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati ngozi, anthu n'kumandipepesa ngati munthu amene tsoka langomugwera, ine n'kumavomera chipepesocho. Koma ndinachenjezedwa, zizindikiro ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndinapitiriza. N'chifukwa chake lero ndikufuna kuinena mmene inakhalira.

Ndimaphika masikono ndi mabanzi pa kamsika kena cha ku Mbulumbuzi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, m'boma la Chiradzulu. Geniyi ndinaiyamba ndi ngongole ya kubanki m'khonde, ndikuwotchera m'sefuliya yaikulu, makala pansi, makala pamwamba pa chilata. Makasitomala atachuluka ndinaitana amalume anga, mmisiri wa njerwa amene anamangako makhitchini m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, kuti andimangire uvuni weniweni. Anamanga wa njerwa zowotcha, malo osonkhapo moto ali pansi, mathileyi pamwamba. Chumuni chake chinayamba ndi njerwa, kenako paipi yachitsulo yotulukira padenga la malata, pafupi ndi phaso la bulugamu. Tsiku loyamba kuyatsa ndinaimirira m'kati mwa bekale, moto uli lawilawi, maso anga osatuluka msozi ngakhale umodzi. Ndinasangalala kwambiri.

Chisangalalo chimenechi ndi chimene chinandipusitsa. Ine ndinakulira m'khitchini ya mafuwa atatu. Kumeneko nkhuni yaiwisi siibisala. Ukangoiponya pamoto utsi umadzaza nyumba, maso amawawa, mwana wakumbuyo amayamba kutsokomola, ndipo mayi ako amakukalipira uli pomwepo kuti chotsa chimenecho. Chilango chimabwera nthawi yomweyo, n'chifukwa chake mtsikana aliyense wakumudzi amadziwa kusankha nkhuni asanadziwe kuwerenga. Chumuni chinandichotsera chilango chimenechi. Utsi unkatulukira kumwamba, ine n'kumaganiza kuti vuto latha, osadziwa kuti langosamukira pamalo pamene maso anga safika.

Amene sadziwa Chiradzulu angafunse kuti munthu angasankhirenji nkhuni zaziwisi. Kuno nkhuni ndi ndalama. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma lathu laling'onoli, ndipo lili m'gulu la maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Minda ndi tizidutswa, tchire la aliyense kulibe, ndipo mapiri ambiri amene agogo athu ankatolako nkhuni anatsala miyala. Mayi wapakhomo amaphikira mapesi a chimanga, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo akakolola. Koma uvuni wa bekale sungakhute mapesi. Umafuna zipika, ndipo zipika zouma bwino zimadula, makamaka mvula ikayamba. Mtengo wongogwetsedwa dzulo mwini wake amaugulitsa motchipa chifukwa akufuna ndalama ya feteleza kapena ya fizi lero lomwe.

M'mwezi wa Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Sindingathe kuutchula mwezi umenewo popanda kukumbukira abale athu a kwa Ntauchira, m'dera la Mfumu Likoswe, amene matope ndi miyala yochokera m'phiri inawakokolola pamodzi ndi mudzi wawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ife amene tinatsala amoyo tinadzuka n'kupeza mitengo ili lambalamba paliponse, mibulugamu, mimango, malaina, ina itagwera m'minda, ina panyumba. Anthu anali ndi njala ndipo ankafuna ndalama yokonzera makoma. Ankagulitsa mtengo wathunthu pamtengo wa mtolo. Ndinagula yambiri, ndinaiunjika kuseri kwa bekale pansi penipeni, yosawaza, yosafundika, ndipo sabata yomweyo ndinayamba kuisonkha. Mumtima ndinkadziona ngati mayi wochenjera pa geni.

Uvuni unayamba kusintha khalidwe. Moto unkavuta kuyaka, ndipo ukayaka unkangonyeka mofooka, malawi ofiira m'malo mwa owala. Kumapeto kwa chipika chilichonse kunkatuluka thovu, nkhuni ikulira kuti tsiii. Masikono amene kale ankapsa msanga tsopano ankachedwa, ena n'kutuluka otuwa, onunkha utsi. Pamwamba pa chumuni pankatuluka utsi wochindikala, wotuwira ngati wachikasu, wosakwera kumwamba koma wongogwera padenga. Kenako pamalumikiziro a paipi panayamba kudontha madzi akuda, onunkha zowawa, amene ankasiya mizere pakhoma. Ndinkangopukuta ndi chisanza.

Amalume atabwera kudzandiona, sanalowe n'komwe m'bekale. Anaima panja, anayang'ana utsi, anatola zipika ziwiri n'kuziombanitsa. Zinangomveka phu, phu.

"Mwanawe, iwe ukuwotcha madzi," anatero.

"Amalume, moto ndi moto, bola sikono ipse," ndinayankha.

Anandikhazika pansi n'kundikumbutsa za malemu bambo anga, amene ankalima fodya wa chikopa. Pofuna kuti tsamba lide ndi kununkhira, bambo ankasonkha moto wongofuka m'chigafa, wopanda malawi, kuti utsi umatirire pafodya. "Chimene bambo ako ankachifuna patsamba," anatero amalume, "iwe ukuchipaka m'kati mwa chumuni tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti fodya ankamutulutsa kupita naye kumsika. Chako chikungokhala momwemo, ndipo chimayaka." Anandiuza kuti ndisiye kuphika, achotse paipi aipale. Ndinawerengera masiku amene geni ikanaima, ndinawauza kuti tidzachita mwezi wamawa. Anapita osatsanzika bwino.

Zimene amalume ankanena m'chinenero cha mmisiri ndinadzazimvetsa pambuyo pake, nditafunsa kwa alangizi ndi kuwerenga pamodzi ndi mwana wanga. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Ndiye kuti pa makilogalamu 100 a nkhuni zaziwisi amene ndinkalowetsa mu uvuni, ndinali kuthiramo madzi okwana ndowa ziwiri ndi theka za malita 20. Moto usanayambe kutenthetsa njerwa, umayamba waphwetsa madzi onsewo, ndipo mphamvu yake yambiri imathera pamenepo. Nkhuni yoyenera kusonkha imayenera kukhala ndi madzi osapitirira magawo 20 pa 100 alionse.

Vuto lalikulu silili pa kuchedwa kwa masikono. Nkhuni ikatenthedwa imatulutsa mpweya ndi mafuta amene, moto ukakhala waukali, amapsa n'kukhala malawi. Moto ukakhala wozizira chifukwa cha madzi, zinthu zimenezi sizipsa, zimakwera ndi utsi zili zaziwisi. Zikafika m'chumuni n'kukhudza khoma lozizira, makamaka kutentha kwa utsi kukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 120, zimasanduka madzi akuda n'kumatirira. Pa Chingerezi amati creosote, ife timangoti phula. Limayamba ngati mwaye wofewa wosavuta kusesa. Likapitirira limakhala makoko okhakhala. Pamapeto pake limauma n'kukhala gwaa, lonyezimira, loti burashi silingachotse. Paipi yachitsulo yopyapyala ngati yanga, imene imazizira msanga ndi mphepo ya panja, ndiye imadzaza mofulumira. Njira ya utsi ikamachepa, chumuni chimaleka kukoka mpweya, moto umafookeratu, phula limawonjezeka. Chinthu chimodzi chimadyetsa chinzake.

Mwezi wa Juni unafika ndi chiperoni, kuzizira ndi kamvula kowaza kosatha. Ndinali ndi mnyamata wondithandiza, mwana wa mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe, amene analemba mayeso a Fomu 4 chaka chapitacho ndipo ankasunga ndalama yoti akaphunzire ntchito yamanja. Ankagona m'bekale momwemo, kulondera ufa ndi kuyatsa moto mbandakucha. Poona kuti nkhuni zikuvuta kuyaka m'mawa, ndinamuuza kuti madzulo tikamaliza aziika zipika zaziwisi pamakala otsala, atseke kachitseko ka uvuni, kuti zizifuka usiku wonse zikuuma. Ndinamulolanso kutseka mawindo ndi masaka chifukwa cha kuzizira. Malangizo onsewa anali anga.

Anayamba kudandaula mutu m'mawa uliwonse. "Mayi, mutu ukundiwawa, ndikumva chizungulire," ankatero. Ndinamupatsa panado. Tsiku lina ndinamunena kuti mwina wayamba kumwa kachasu usiku, ndipo ndinamuopseza kuti ndimudula malipiro akapitiriza kudzuka mochedwa. Anangoti, "Ayi Mayi, sindimwa ine." Pa zonse zimene ndinachita, mawu amenewa ndi amene amandiwawa kwambiri, chifukwa thupi lake linkanena zoona ndipo ine ndinamuyesa wabodza.

M'mawa wina ndinafika kudakali mdima, ndinagogoda, sanayankhe. Ndinaitana mlonda wa pagolosale yoyandikana nafe, tinathyola chitseko. Mnyamatayo anali gone pamphasa, atasanza, maso otseguka pang'ono koma osatizindikira, miyendo yolobodoka. M'chipindamo munalibe utsi wambiri woti munthu n'kuuona. Tinamukokera panja, mphepo inamuomba, ndipo patapita kanthawi anayamba kubuula. Tinapeza galimoto n'kuthamangira naye kuchipatala, kumene anamuika pa mpweya wa okosijeni.

Dokotala amene anamuona anandifunsa mafunso ochepa: amagona kuti, muli moto, mawindo amatsegula? Kenako anandifotokozera za mpweya wa carbon monoxide, umene umatuluka nkhuni kapena makala zikamapsa mopanda mpweya wokwanira. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye munthu amapuma koma thupi lake silikulandira kanthu. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo wogona amangopitirira osadzuka. Ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira. Ine nkhani ya mbaula ndinkaidziwa bwino, ndipo sindikanalola mwana wanga kugona nayo. Koma ndinkakhulupirira kuti pamene pali chumuni palibe choopsa. Chumuni changa chinali chitatsekeka pafupifupi chonse, mpweya woipa unkabwerera m'chipinda kudzera m'kachitseko ka uvuni ndi m'ming'alu.

Mayi ake atafika sanakuwe. Anakhala pambali pa bedi, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa kuti, "Mayi, mwanayu ndinakupatsani ali bwinobwino." Ndinalibe choyankha.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinali ndi oda ya masikono a chinkhoswe kumapeto kwa sabata imeneyo, ndalama nditalandira kale ndipo ina nditalipirira galimoto ya kuchipatala. Ndinaganiza kuti ngati chumuni chatsekeka ndi mwaye, moto waukulu uchitsegula. Ndinamvapo anthu akunena choncho. Ndinasonkhanitsa makatoni, zitsononkho zouma ndi mapepala a matumba a shuga, ndinadzaza mu uvuni, ndinatsegula kachitseko kuti mpweya ulowe wambiri, ndinayatsa.

Poyamba ndinamva kuthetheka m'paipi. Kenako kunabwera mkokomo ngati wa lole yokwera chitunda, ndipo uvuni unayamba kukoka mpweya mwamphamvu moti mapepala a pansi ankaulukira m'moto okha. Paipi inafiira ndikuiona. Nditathamangira panja ndinapeza malawi akutuluka pamwamba pa chumuni, zidutswa za phula loyaka zikuuluka n'kugwera uku ndi uku. Phula lonse limene ndinaunjika kuyambira mwezi wa Malichi linayaka nthawi imodzi. Moto wa m'chumuni umatha kupitirira madigiri 1,000, kutentha kumene uvuni wa masikono sunamangidwire. Phaso la bulugamu limene linali pafupi ndi paipi linagwira moto. Chidutswa china chinagwera pa kashedi kaudzu ka mayi wogulitsa tomato ndi chimanga, ndipo kanapsa konse pamodzi ndi matumba ake.

Anthu a pamsika anathamanga ndi ndowa. Galimoto yozimitsa moto imene timaidziwa ili ku Blantyre, ndipo panalibe amene anaganiza zoidikira. Mnyamata wina anakwera padenga n'kuthira madzi m'chumuni momwemo. Kunamveka kuphulika, nthunzi inatuluka, njerwa zinang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo iye anapsa dzanja. Amalume anadzandiuza kuti chofunika chinali kutulutsa anthu, kutseka kachitseko ka uvuni ndi mabowo onse olowera mpweya, kukwirira moto wa pansi ndi mchenga kapena dothi, ndipo madzi kuwathira padenga ndi pa zinthu zoyandikana nazo. Madzi ozizira pa njerwa kapena chitsulo chofiira amaswa. Palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa zimenezi.

Nkhani inapita kwa amfumu. Ndinalipira shedi ndi chimanga cha mnzanga, ndinabweza ndalama ya chinkhoswe, ndinagula mankhwala a mnyamata wopsa dzanja uja. Bekale inatsekedwa mpaka chilimwe, ndipo kubanki m'khonde anzanga anandilezera mtima koma chiwongoladzanja sichinaime. Mnyamata wanga anachira, ngakhale kwa kanthawi ankadandaula kuiwalaiwala ndi kutopa. Ndinapita kwawo ndi amalume kukapepesa pamaso pa mayi ake ndi mwinimbumba wawo, ndipo ndinanena poyera kuti mawu a kachasu aja anali onama. Anandikhululukira. Kuntchito sanabwererenso, ndipo sindinamukakamize.

Amalume atamanganso uvuni anasintha zinthu zingapo. Chumuni anachikweza ndi njerwa mpaka kupitirira denga, chowongoka, chopanda makona ambiri osungira mwaye. Pansi pake anasiya kabowo kotsekera ndi njerwa yochotseka, kotulutsira zopalidwa. Phaso analisuntha kutali ndi chumuni, ndipo pamwamba anaika kachipewa kachitsulo kuti mvula isalowe. Anandiphunzitsa kusuzumiramo ndi tochi ndi kagalasi, n'kukanda khoma ndi msomali. Phula likafika mamilimita atatu, kuchindikala kwa ndalama zachitsulo ziwiri zosanjikiza, geni imaima kaye. Timapala ndi burashi ya waya yomangirira kunsungwi, uvuni utazizira, pakamwa ndi pamphuno titamanga nsalu, chifukwa mwaye umenewu si wabwino m'mapapo ngakhale pakhungu.

Koma kupala n'kuchiza chabe. Ntchito yeniyeni ili pa nkhuni, ndipo imayamba miyezi yambiri moto usanayatsidwe. Chipika chathunthu chokhala ndi khungwa lake chimasunga madzi nthawi yaitali kwambiri, choncho ndimawazitsa mtengo ukangogwetsedwa. Bulugamu amawazika bwino akadali wamuwisi, akauma amalimba. Ndimasanja nkhunizo pansanja, osati padothi pamene pali chinyontho ndi chiswe, motalikirana kuti mphepo izidutsa. Pamwamba ndimaika malata akale, m'mbali ndimasiya poyera. Kukulunga mulu wonse ndi pulasitiki, monga amachitira ena, kumangotsekera chinyontho m'kati. Ndimagula mvula ikangotha, cha mu Meyi, kuti dzuwa ndi mphepo ya chilimwe zigwire ntchito mpaka Okutobala, ndipo zimenezo ndizo ndimaphikira dzinja lonse. Nkhuni youma imapepuka, imang'ambika kumapeto, khungwa limasupuka lokha, ndipo ukaziombanitsa ziwiri zimalira mokweza. Palinso kusiyana kumene ambiri sitikulabadira: nkhuni youma imene yangovumbwa ndi mvula imauma msanga ikakhala pamthunzi wopita mphepo, koma yaiwisi madzi ake ali m'kati mwenimweni, ndipo kuiyanika tsiku limodzi padzuwa sikusintha kanthu. Mapulasitiki ndi zinyalala sindisonkhanso, ndipo moto wongofuka usiku ndinauletsa. M'chipinda cha uvuni simugona munthu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nkhuni zouma, ngakhale zimadula pogula, ndimagwiritsa ntchito zochepa pa thumba limodzi la ufa kusiyana ndi kale. Zotchipa zija sizinali zotchipa ngakhale moto usanabuke.

Sindikufuna kunamizira kuti zimenezi n'zapafupi kwa aliyense. Kugula nkhuni za miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi kumafuna mpamba, malo osungira ndi wolondera, ndipo ambiri a ife timagula za lero ndi ndalama ya dzulo. Mayi amene akuphikira ana madzulo ano ndi nthambi ya mango yothyoledwa m'mawa sakuchita mwaumbuli, alibe china. Sindingamuweruze. Koma ine ndinali ndi malo, ndinali ndi mmisiri pachibale amene anandiuza zoona kwaulere, ndipo mitengo imene ndinagula mu Malichi ikanauma bwinobwino ndikanaiwaza n'kuisiya mpaka chilimwe.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti machumuni akuchuluka pamene chidziwitso chake sichikuchuluka. Mu 2013 boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosawononga nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni, ndipo kuno ambiri tinaidziwa Chitetezo mbaula nthawi imeneyo. Iyo ilibe chumuni, choncho nkhuni yaiwisi imadziulula yokha ndi utsi. Koma mabekale ang'onoang'ono, makhitchini a sukulu zogonera, a zipatala ndi a m'mamishoni, ngakhale nyumba zatsopano zokhala ndi malo oothera moto pabalaza, zambiri zili ndi machumuni. Kutulutsa utsi panja n'kwabwino ndithu, popeza bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka. Komabe amisiri ambiri amamanga chumuni n'kulandira ndalama yawo osanena kuti chimafuna kupalidwa, ndipo amene amasonkha moto tsiku ndi tsiku amakhala wantchito kapena mayi wodzipereka, woti nkhuni amangopatsidwa, sasankha. M'mayiko ozizira monga Germany kupala machumuni ndi ntchito yophunzirira, ndipo lamulo limakakamiza eni nyumba kuti aziyenderedwa. Kuno amene angakuuze ndi mmisiri wachikulire ngati amalume anga, ukakhala ndi mwayi wokhala naye.

Pamsika wathu tili atatu ophika buledi ndi masikono. Moto uja utachitika, anzanga awiriwo anapempha amalume kuti akaone machumuni awo. China chinapezeka ndi phula louma lonyezimira lomwe burashi inalephera, ndipo paipi yonse anaichotsa n'kuika ina. Tsopano timasonkherana ndalama mu Meyi n'kugula mitengo pamodzi, kulemba aganyu owaza, ndi kusanja pansanja imodzi kuseri kwa bekale yanga. Burashi ndi nsungwi timabwerekana. Ngongole ya shedi ya mnzanga ndinamaliza kubweza, ya kubanki m'khonde idakalipo pang'ono.